Thumba la a Misheck pa Geti

A Misheck aphika pa loji ina ya ku Senga Bay kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndimachapa zofunda za alendo pamalo omwewo, ndiye zawo ndikuzidziwa bwino. Ndi munthu wa mawu ochepa, koma ukangoika supuni yakuda pa tebulo lawo, umva zonse zimene akhala akusunga. Kusamba m'manja ndiye matenda awo, moti tinkawaseka kuti tsiku lina zala zidzasungunuka.

Chaka chatha matumbo anawavuta. Ku Lilongwe madokotala anadula mbali yowonongeka, n'kuboola pamimba, n'kumatapo kathumba koti chimbudzi chizitsikiramo. Anawauza kuti apume miyezi itatu ndipo asanyamule zolemera. Manijala wathu, a Chikumbutso, amene amayenda ndi makiyi ochuluka kuposa zitseko, anapirira milungu isanu ndi umodzi yokha. Kenako foni inayamba kulira: "Madala, mukuchira kapena mukusangalala? Ku Khombedza kuli anthu akuilirira ntchito yanuyo."

A Misheck anabwera mlungu wotsatira, ataonda, atavala malaya otaya. Za thumbalo anauza ine ndekha, kuseri kwa zingwe zoyanikira. "Achemwali, izi zikamveka, kukhitchini kwanga kwatha. Anthu athu mukuwadziwa." Ndinkawadziwadi. Omwe amachoka kuchimbudzi n'kungopukuta manja pa thalauza ndi amene akanayamba kukwinya mphuno.

Kwa milungu itatu zinayenda bwino. Mapoto aakulu ankawakoka m'malo mowanyamula, ndipo alendo anayambiranso kuyamikira chambo.

Koma pa loji pathu pali lamulo loti poweruka aliyense asechedwe pa geti. Mlonda amakupapasa kuyambira m'khwapa mpaka m'masokosi, kufunafuna shuga, sopo kapena ntchafu ya nkhuku. Mlonda wakale ankawalemekeza a Misheck, sankawagwira. Tsiku limenelo panali watsopano, Binali, wofunitsitsa kuonetsa kuti sanalembedwe mwangozi. Atapapasa pamimba, nkhope yake inawala.

"Bwana! Ndagwira! Pali phukusi apa, n'lofunda!"

A Chikumbutso anabwera chothamanga, makiyi akusokosera m'chiuno. "Zaka zonsezi kukukhulupirirani, madala! Tulutsani nyamayo aliyense aione."

"Bwana, tiyeni tikakambirane mu ofesi," anatero a Misheck motsitsa mawu.

"Wakuba alibe ofesi. Pompano!"

A Misheck anatiyang'ana tonse amene tinali pamzere, n'kukweza malaya. Kathumba kaja kanaonekera poyera. Ine mtima unandiwawa moti ndinalakalaka nditamuphwanya Binali ndi beseni.

"Nayi nyama yanu, bwana," anatero a Misheck. "Ndikusiyireni pano kapena ndikaike mu fuliji?"

Bwana sanapepese. Mabwana a mtunduwu mawu amenewo amawatsamwitsa. M'mawa mwake anawaitana mu ofesi yomwe anawakaniza ija, n'kunena kuti alendo akamva za thumba bizinesi igwa. A Misheck anatulutsa kalata ya dokotala yonena kuti akhoza kuphika ngati munthu wina aliyense. Bwana anaiwerenga mpaka kumapeto, n'kuipinda bwinobwino. "Dokotala wanuyo sadya pano."

Kuwachotsa ntchito anaopa milandu. Ndiye anawapatsa yunifolomu ya ulonda kuti aziima pa geti masana. Khitchini bwanayo anaipereka kwa mlamu wawo, amene chambo chake chimatuluka chakuda kunja, chachiwisi mkati, komanso amene sindinamuonepo atagwira sopo.

Tsopano a Misheck ndi amene amatisecha poweruka. Amagwira m'mapewa, amasuzumira m'chikwama, basi. Pamimba pa munthu dzanja lawo silifika. Anthu sanachedwe kuzindikira, ndipo pano atsikana ena amaweruka ali ngati oyembekezera pomwe m'mawa anabwera opyapyala. Shuga atayamba kusowa, bwana anabwera pa geti kudzakalipa kuti a Misheck azipapasa paliponse.

"Pamenepo ayi, bwana," anayankha. "Sindidziwa chimene munthu wanyamulapo."

Pambali pa mpando wawo anaikapo kandowa ka madzi ndi kasopo. Fungo la anyezi wopserera likamachokera kukhitchini, amadzuka, n'kuyang'ana komweko kwa kanthawi. Kenako amawerama n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, ngati mmene ankachitira asanagwire chakudya cha alendo, n'kukhalanso pansi.