Makilo atatu a ku Maramba

Chaka chimene tinaphunzira maperesenti kusukulu ndi chimene bambo anga anayamba kutha thupi. Ntchito ya kunjanji inali itawathera, chifuwa chitawakanirira, ndipo lamba wawo ankangomuboola mabowo atsopano ndi msomali.

Polowera mumsika wa Maramba pankakhala mkulu wina wa sikelo yoyezera anthu. Anali wanthabwala, woti ngakhale wamaliro akhoza kuseka. Loweruka lililonse ndinkaperekeza bambo kukakwera sikeloyo. Tinkayenda pang'onopang'ono, iwo akupumira m'mithunzi. Chakummwera utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya unkakwera woyera, mosafulumira, ndipo ndinkauyang'ana mpaka kuiwala kuti ndili pamsewu.

Aphunzitsi anali atatiuza njira yake: peza kusiyana kwa manambala awiriwo, ugawe ndi nambala yoyambayo, uchulukitse ndi 100. Ine, kamtsikana kodzimva nzeru, ndinapeza poyeserera. Ali kunjanji bambo ankalemera makilo 75. Tsopano anali pa 60. Kusiyana kwake 15, ndiye kuti 20 peresenti. Masana ndinkagona chagada pansi pa mtengo wa mango n'kumadzifunsa kuti gawo limenelo la bambo anga linapita kuti. Ndinkaliona likukwera pamodzi ndi utsi uja, likuyandama pamwamba pa tauni, likudikira kuti tsiku lina ligwe ngati mvula n'kubwerera mwa mwini wake. Kunena zoona ndinali ndi mantha kwambiri. Masamuwo ndiwo ankandipatsa pogwira.

Loweruka lina kukutentha, bambo anakwera sikelo atagwira phewa langa, kenako n'kulisiya. Muvi unagwedera, n'kuima pa 63.

"Ba mudala, mwaina!" anakuwa wasikelo uja, kutanthauza kuti anenepa. "Ni chani bakupasani ku nyumba? Muzanipwanyila sikelo imwe!"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine mutu unali kale pa ntchito: 3 kugawa ndi 60, kuchulukitsa ndi 100. "Ba tate, ni 5 peresenti!" ndinatero ndikudumpha.

Atatsika, ndinawerama kuti ndiwakonzere nsapato. Mpamene ndinaona. Sikelo inalibe munthu, koma muvi sunabwerere pa ziro. Unaima pa 3. Wasikelo anaona kuti ndaona. Anangopukusa kagudumu ka m'mbali ndi chala chakuphazi, muvi n'kubwerera pamalo pake, iye n'kuyamba kuitana anthu ena.

Tsiku limenelo bambo anakana kubwerera njira yachidule. Anandigulira nzimbe, tinayenda mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Maramba, iwo akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi. Anandilozera utsi uja n'kunena kuti akapeza mphamvu adzanditengera kumathithi, tikanyowe tonse. Nzimbeyo ndinkaitafuna osamva kukoma.

Kunyumba amayi anatichingamira pakhomo. "Nanga sikelo yakamba chani?"

"Funsani ba ticha aba," anatero bambo monyadira.

Ndinayang'ana lamba uja, ndinayang'ana nkhope ya amayi. "Bakwela na 5 peresenti," ndinayankha. Amayi analuluta, anansi mpaka kusuzumira.

Bambo anatisiya mvula isanagwe. Amayi ndi okalamba tsopano, ndipo akamakamba za iwo amati imfa inachita kuwaba, poti munthu anali atayamba kuchira. "Si iwe unawerengera?" amandifunsa. Ndimati inde, ndine.