Kabokosi ka pa Manda a Azungu

Fungo la sipiriti kuchipatala limandibwezabe kwathu ku Ntchisi, chaka cha anamapopa. Anthu ankati opopa magaziwo amabisala kumanda akale a azungu, kuseri kwa mishoni.

Tsiku lina ndikuweruka kusukulu, ndinaona bambo wachilendo akupuma pamthunzi wa mandawo, kabokosi koyera kali panjinga. Ankanunkha sipiriti. Ndinaliyatsa liwiro ndikukuwa kuti ndaona namapopa, amuna n'kutuluka m'zigafa za fodya atatola miyala.

"Abale anga, ndi katemera wa ana uyu!" anachonderera bamboyo akutchinga kumaso.

Amunawo anamuphwanyira kabokosiko. Munali timabotolo ndi madzi oundana basi. Ine ndinkati magaziwo wawabisa m'manda.

Bamboyo sanabwerenso kwathu. Mvula isanagwe, chikuku chinatenga mng'ono wanga Tiyamike. Mpaka lero sindinawauze amayi kuti woyamba kukuwa ndinali ine.