Dzanja Limene Tizidole Tinatsala Pang'ono Kundilanda

Chizindikiro choyamba chinali m'kamwa. Ndikadzuka m'mawa ndinkamva ngati ndagona nditavumata ndalama yachitsulo. Ndinasintha mankhwala otsukira mano kawiri, koma sizinathandize. Patatha milungu itatu m'mimba munayamba kupota, ndipo ndinkatha masiku anayi osapita kuchimbudzi. Ndinayambanso kupsa mtima msanga, ine munthu amene kwathu amati ngakhale nkhuku sindingaithamangitse.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Lewisham. Ntchito yathu ndi ya manja: kudzutsa anthu, kuwasambitsa, kuwaveka. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinamangirizidwa pa ntchito imeneyi. Dzanja likatha, zonse zatha.

Pa masiku opuma ndinali ndi kachizolowezi kanga. Zaka zinayi m'mbuyomo ndinagula bokosi pamsika wa zinthu zakale wa Lamulungu m'mawa. Munali tizidole tachitsulo, tatifupi ngati chala chachikulu, timene anthu kuno amatindandalika patebulo n'kumachitira masewero a nkhondo. Tina tinali tiasilikali tamalupanga, tina tizinjoka, tina tianthu ta mafupa okhaokha titanyamula mikondo. Ine masewerowo sanandikoke. Chinandigwira mtima n'kupenta. Ndinayamba kusakasaka takaletakale, tolemera m'manja, timene tinapangidwa ine ndisanabadwe. Kalikonse ndinkakachotsa penti yakale, kukapala ndi tupa, kenako kuuzira fumbi lake ndi pakamwa. Lupanga likathyoka, ndinkasungunula zidutswa m'kapoto pachitofu n'kuumba lina. Popenta maso, kabulashi kamafunika nsonga yosongoka, ndipo ine ndinkasongola ndi milomo monga amachitira anzanga ambiri. Pambali sipankasowa mbale ya mtedza.

Mkazi wanga, mayi a Chikondi, ankangoti ndakula thupi lokha. Kutchalitchi kwathu ku Peckham sindinauze aliyense.

Ulendo woyamba kwa dokotala wa m'dera lathu, anandifunsa za chakudya, za mowa ndi za ntchito. Kenako anafunsa ngati pali china chimene ndimachita kunyumba chokhudza mankhwala kapena zitsulo. Ndinaganiza za tianthu tamafupa tija, ndinayang'ana mtsikana wophunzira udokotala amene anakhala pambali pake, ndipo ndinati ayi. Bambo wa imvi auze mwana wa eni kuti amasewera ndi zidole? Anandipatsa mankhwala ofewetsa m'mimba ndipo ndinabwerera.

Mwezi wotsatira zinaipiraipira. Mutu unkawawa tsiku lonse, ndipo masitepe a pasiteshoni ndinkapumira kawiri. Lachitatu lina ndili kuntchito, supuni inandipulumuka. Ndinaitola, inagwanso. Pofika Loweruka dzanja langa lamanja linali litalendewera pamfundo ngati tsamba la nkhwani lofota. Kufumbata ndinkatha pang'ono, koma kulidzutsa m'mwamba ayi. Apo ndiye mantha anandigwira zenizeni.

Mayi a Chikondi anaitana a Banda, mkulu wa mpingo wathu, wobadwira ku Zimbabwe koma wa makolo akwathu. Atalowa m'chipinda n'kuona mashelefu atatu a tizinjoka ndi mafupa, anaima pakhomo osapitirira.

"Abale anga, mukufunanso dokotala wanji? Mwaziitana nokha izi. Mukugona ndi manda m'nyumba," anatero.

Anapemphera kwa nthawi yaitali, n'kulamula kuti tizidole tonse tikatayidwe mumtsinje. Ndinavomera pakamwa, koma ndinangotilongedza m'mabokosi n'kubisa pansi pa bedi. Kunena zoona, mumtima ndinayamba kukhulupirira. Ndinkati ndikagona masana, ndinkakumbukira kuti pansi panga pali gulu lankhondo limene ndinalipenta maso ndekha. Ndinatha milungu ina iwiri ndikusala kudya ndi kupemphera, osapita kuchipatala. Kuntchito anandiuza mwaulemu kuti ndikhale kunyumba kufikira dzanja litachira, ndipo ndinamva bwino lomwe chimene sananene.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba m'mawa ululu unandipinda pakati moti mayi a Chikondi anandikweza basi kupita ku chipinda cha matenda adzidzidzi. Tinadikira pamipando kuyambira m'ma 8 mpaka masana. Anandiyeza magazi, n'kupeza kuti ndi ochepa. Anajambula m'mimba, osapeza kanthu. Anajambula mutu poopa sitiroko, osapezanso kanthu. Palibe chinandiopsa ngati mawu akuti sitinapeze kanthu.

Anandigoneka. Tsiku lachiwiri kunabwera dokotala wachikulire amene anayang'ana dzanja, kenako n'kundiuza kuti nditsegule pakamwa. Anawunika usinini ndi tochi kwa nthawi, n'kuitana anzake awiri kuti adzaone kamzere kotuwa kamene kanali m'mphepete mwa mano. Anafunsa funso lomwe lija la zitsulo. Ndisanayankhe, mayi a Chikondi anandicheukira.

"Bambo a Chikondi, auzeni za zidole zanu. Manyazi achani pano? Mwavala gauni yotsegula kumbuyo."

Ndinafotokoza zonse, tupa, kapoto, kabulashi ndi mtedza. Dokotala sanaseke. Anati tizidole takale tambiri tinapangidwa ndi mtovu, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikuupuma ndi kuumeza pang'onopang'ono. Mtovuwo ndi umene unawononga magazi ndi mitsempha ya dzanja. Ndinafunsa ngati dzanja lidzabwerera. Anati, "Tiona. Mitsempha sifulumira, ndipo nthawi zina sibwerera yonse."

Zotsatira za magazi zinatenga masiku angapo, ndipo zinatsimikiza. Anandiyambitsa mankhwala okoka mtovu m'thupi, makapisozi onunkha ngati dzira lovunda. M'mawa uliwonse namwino ankabwera kudzatenga magazi ndi kuyeza mkodzo poyang'anira impso. Mmodzi wa anamwinowo anali wakwathu ku Ntcheu, ndipo ankandiseka kuti ndine msilikali woyamba kuvulazidwa ndi asilikali ake omwe. Mayi a Chikondi nawonso anawayeza, ndipo tinathokoza Mulungu kuti anapezeka bwino. Kunyumba anatsuka paliponse ndi nsalu zonyowa, kapeti ndi kapoto kaja anataya.

M'mimba munasiya kupota pa sabata yoyamba. Dzanja ndiye linavuta. Ndinatuluka nditavala chomangira cha pulasitiki, n'kumapita ku mafizo Lachinayi lililonse. Kwa miyezi iwiri panalibe kusintha kulikonse. Ndinkakhala patebulo n'kumaliuza dzanja kuti dzuka, ilo lili chete ngati la munthu wina. A Banda atabwera kudzandiona ndinawauza zimene madokotala anapeza. Anangogwedeza mutu n'kuti, "Nanga ine ndinati chiyani?" Sindinatsutsane nawo. Mwezi wachitatu uli pakati, chala cholozera chinanyamuka pang'ono.

Ndinabwerera kuntchito patatha miyezi isanu ndi iwiri. Lero ndimadya bwino, mutu suwawa, ndipo amandiyezabe magazi nthawi ndi nthawi chifukwa mtovu umabisala m'mafupa. Tizidole takale tili m'kabati yagalasi yokiya. Ndikafuna kupenta ndimagula tapulasitiki, ndipo kabulashi sikafikanso kukamwa. Maso sindipentanso. Zala ziwiri zakumapeto sizinawongoke, ndipo a mafizo anandiuza mosabisa kuti mwina zatero basi.

Inu amene muli ndi tizidole takale, musapale popanda chophimba kumphuno, musadyere pamalo pomwepo, ndipo sambani m'manja mukamaliza. Koma chachikulu n'chakuti thupi likayamba kudandaula, pitani kuchipatala msanga, ndipo dokotala akafunsa, yankhani zonse, ngakhale zimene mukuona ngati zachibwana. Dokotala wachikulire uja anandiuza kuti ndikadanena zoona ulendo woyamba, dzanja silikadagwa n'komwe. Ine manyazi a mphindi imodzi ndinawalipira ndi zala ziwiri.