Mbiya za azakhali kuseri kwa chigayo

Lolemba la sabata yathayi azakhali anga a Esinati anandiimbira foni kuti ndipite ku Lirangwe ndikawathandize kusamutsa mbiya. Nditafunsa kumene mbiyazo zikusamukira, anati: "Kuseri kwa chigayo, mwanangu. Akuti kukubwera alendo, ndiye ine ndi mbiya zanga tikuipitsa msewu."

Azakhaliwa ndi mmisiri woumba. Luso analitengera kwa mayi awo, amenenso analiphunzira kwa agogo amene anabwera nalo kuchokera ku Mozambiki. Kwa zaka zambiri akhala akuyala mitsuko, mikhate ndi miphika pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu waukulu, poti aliyense wa m'minibasi aziona. Malo amenewo ndiwo munda wawo weniweni, pakuti chimanga cha m'nkhokwe chimatha Disembala asanafike.

Alendo ankanenedwawo anali anthu a kunja amene ntchito yawo ndi kukonzera anzawo maulendo okaona mayiko. Anaitanidwa kuti adzaone dziko lathu, ndipo akabwerera kwawo akalinenerere. Ndondomeko inati akatera pa Chileka Lachitatu, adzaima pa Lirangwe kwa theka la ola, kenako n'kupitirira kumalo osungirako nyama.

Theka la ola lokha. Koma inu awerengi mukudziwa mmene timakonzekerera mlendo kuno kwathu.

Komiti ya msika, motsogozedwa ndi a Makwinja amene aliyense amangowatcha a Tcheya, inayamba ndi tsache. Itatha kusesa inatola miyala n'kuindandalika m'mbali mwa msewu. Kenako kunabwera ndowa ya laimu. Mwala uliwonse unayera, ndipo mitengo inapakidwa mpaka m'mawondo ngati ana a sukulu ovala masokosi atsopano. Pomaliza, chilichonse chogulitsa, chonunkhira kapena choyenda chinauzidwa kuti chichoke: amayi a tomato, ogulitsa masawu ndi malambe, a kabaza ndi njinga zawo.

"A Tcheya, mbiya zanga zalakwa chiyani?" anafunsa azakhali.

"Mayi, musatichititse manyazi. Anthu oti kwawo amamwa madzi a m'firiji adzaone zinthu za dothi pamsewu? Adzati kuno ndi kumudzi."

"Nanga kuno ndi kuti, achimwene?"

A Tcheya anangowapatsa chitenje chofanana ndi cha amayi ena, n'kuwauza kuti Lachitatu adzaime pamzere wa ovina. Ndiulule kuti wilibala yosamutsira mbiyazo ndinayendetsa ndine, ndipo mitsuko iwiri inang'aluka m'njira.

Lachitatu anthu anakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Alendo anafika masana, ali ndi bwana wina wa ku tauni amene sindimutchula. Ine ndinapemphedwa kuti ndizimasulira. Malonje okha, otchula aliyense ndi udindo wake, anadya gawo lalikulu la theka la ola lija. Kenako a Tcheya anatulutsa mapepala anayi. Anafotokozera alendo kuti msika ulibe shedi, mjigo unawonongeka, ndipo komiti ilibe ngakhale njinga. Ndinamasulira zonse mokhulupirika, uku ndikuona alendo akuyang'ana miyala yoyera ija ngati anthu oyembekezera kuti mwina iyankhula.

Tili pa pepala lachiwiri, mayi mmodzi mwa alendowo anandinong'oneza kuti akufuna kokadzithandiza. Apa mpamene komiti inazindikira kuti pa zonse zimene inakonza, chimbudzi sichinali pa ndondomeko. Cha pamsika chinadzaza dzinja latha ndipo chitseko chake chinamangidwa ndi waya. Chokhacho chooneka bwino chinali cha mwini chigayo. Anamulozera njira yopita kuseri.

Mayiyo sanabwerere. Mnzake anamutsatira, nayenso osabwerera. Enanso anatsatira mmodzimmodzi. Pofika pepala lachitatu, a Tcheya ankalankhula kwa mipando, kwa bwana wa ku tauni ndi kwa ine.

Azakhali ataona kumene alendo akulowera, anachoka pamzere wa ovina n'kuthamanga, chitenje chatsopano chili m'manja. Nditafika ndinapeza alendo onse atazungulira mbiya, ena atanjuta.

"Iwe, uwauze asanyamulire pakamwa pa mbiya, agwire pansi," anandilamula azakhali. "Mbiya siinyamulidwa ngati nkhuku."

Anatenga mtsuko umodzi n'kuugogoda ndi chala. Unalira bwino. Anagogoda umodzi mwa yong'aluka ija, unangoti phwe. Alendo anaseka, ndipo aliyense anayamba kugogoda mbiya n'kutchera khutu ngati dokotala. Azakhali anatulutsa dongo limene anakulunga m'thumba, nayamba kuumba kamphika, akusalaza ndi chitsononkho cha chimanga. Mafunso anagwa ngati mvula. Dongo mumakumba kuti? Mumaotcha bwanji? Madzi amazizira chifukwa chiyani?

Kenako bambo wina anafunsa funso limene ndinalakalaka ndikanalimeza: "Zinthu zokongola chonchi mwazibisiranji kuno?"

A Tcheya, amene anali atangofika ndi mapepala awo, sanaphethire n'komwe. "Uwauze kuti tinachita dala. Ano ndi malo apadera a chikhalidwe, okonzedwa ndi komiti."

Ndinamasulira. Mulungu andikhululukire.

Alendo anakhala kuseri kwa chigayo ola lathunthu. Anagula timiphika ting'onoting'ono, poti mkhate sulowa m'ndege, ndipo anapita.

Tsopano tiyeni tiunike nkhaniyi mofatsa, chifukwa kungoseka a Tcheya n'kusawachitira chilungamo. Iwo anachita zimene anaphunzira. Luso lathu lolandira alendo tinaliphunzira polandira mabwana. Bwana amadutsa pa galimoto yothamanga, magalasi otseka, ndipo chimene amafuna kuona ndi chakuti anthu amuopa ndipo asesa. Matipate atabwera, zitenje zinasintha mitundu koma ndowa ya laimu inakhala yomweyo. Vuto ndi lakuti wodzaona dziko si bwana. Bwana amafuna kuona dongosolo. Mlendo walipira ndege kuti adzaone moyo umene kwawo kulibe. Tikamusesera moyowo, tamusiyira chiyani?

Chipani chilichonse chikamafuna mavoti chimalonjeza kuti ntchito yokopa alendo idzatilemeretsa, ndipo tidzapikisana ndi mayiko oyandikana nafe. Mawu ndi abwino. Koma anzathuwo njovu ali nazo, mapiri ali nawo, mahotela awo ndi aatali kuposa athu. Tidzawaposa ndi chiyani? Ndi miyala yopaka laimu? Sindinamvepo munthu amene anawoloka nyanja zamchere kudzaona mwala woyera. Chimene ena sangatilande ndi chala cha azakhali chogogoda mtsuko, ndipo chimenecho n'chimene tinakankhira kuseri pa wilibala.

Palinso mawu ena amene akuluakulu amawakonda akakumana m'mahotela: akuti ntchitoyi ikhale yokhazikika, yopindulira ndi zidzukulu zomwe. Pa Lirangwe mawu amenewa ali ndi tanthauzo logwirika. Dambo limene azakhali amakumba dongo likutha ndi oumba njerwa. Nkhuni zootchera mbiya zikupita ku Blantyre m'matumba a makala, pa njinga zimene timazilambalala tonse pamsewu. Atsikana a m'mudzi safuna kuphunzira luso limene akuluakulu awo akulitcha chochititsa manyazi. Palibe mwa zimenezi chimene chingakonzedwe m'masiku awiri mlendo asanafike. N'chifukwa chake sitizikhudza. Laimu amauma tsiku lomwelo, pamene chimbudzi chimafuna munthu wochisamala chaka chonse, kuli alendo kapena kulibe.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, koma komiti inali isanamalize kuphunzira.

Lachinayi m'mawa inakumana n'kugamula kuti, poti alendo anakonda mbiya kuseri kwa chigayo, mbiyazo zikhale komweko mpaka kalekale. Pansi pa mango paja pakhale popanda kanthu, kuti magalimoto a alendo azidzaima pamthunzi. Anasankhanso anthu atatu oti akaganizire mawu olemba pa chikwangwani.

Azakhali anamvera. Anakhala kuseri kwa chigayo Lachinayi lonse ndi Lachisanu lonse. Fumbi la ufa linadzaza m'mitsuko. Minibasi zinkadutsa kutsidya kwa khoma, amayi a ku Zalewa ndi a ku Lunzu amene amagula mbiya zawo osaona kanthu. Amene anabwera kudzaona malo apadera a chikhalidwe ndi mbuzi ziwiri. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo palibe amene anathirirapo dimba ndi mame. Wodzaona dziko amafika kamodzi, koma woumba amadya tsiku lililonse. Ngati ntchito yokopa alendo ichotsera munthu wogula wake wa masiku onse kuti adikire wa kamodzi pachaka, ndiye kuti yamulanda m'malo momupatsa.

Loweruka m'mawa azakhali sanandiitanenso. Mbiya zawo anazisenza okha pamutu, imodziimodzi, kubwerera nazo pansi pa mango. Ine ndinafika akumaliza, nthawi yomweyo a Tcheya nawonso akutulukira.

"Mayi, komiti inagamula."

"Ndinamva, a Tcheya. Alendo anuwo abweranso liti?"

"Zimenezo a ku tauni adzatiuza."

"Akadzakuuzani, mudzawabweretse pompano. Galimoto yawo idzaime padzuwa, siituluka thukuta."

"Mukunyoza komiti, mayi."

"Ayi, achimwene. Komiti ndikuilemekeza. Koma komiti sinagulepo mphika."

Anthu anali atayamba kusonkhana. A Tcheya anakonza kukhosi kuti ayankhe, koma minibasi yochokera ku Blantyre inaima pomwepo. Mayi wina anatulutsa mutu pazenera, akuloza mtsuko waukulu umene unali pafupi ndi mapazi a a Tcheya. Atagwirizana mtengo ndi azakhali, kondakitala anakuwa: "Madala, inu mwaima pafupinu, tapatsirani mtsukowo, tikuchedwa!"

A Tcheya anayang'ana uku ndi uku. Kenako anawerama, naunyamula ndi manja awiri, n'kuupereka pakhomo la minibasi mosamala ngati mwana wakhanda. Atatero anachoka, ndipo mpaka lero azakhali akadali pansi pa mango.

Funso langa likupita kwa amene amalemba ndondomeko zokopa alendo, kuyambira ku likulu mpaka ku komiti ya msika. Ulendo uno mlendo anapeza chuma chathu chifukwa anasowa chimbudzi. Kodi m'dziko lonseli tabisa zingati kuseri kwa zigayo, zimene zikudikira kuti mlendo wina avutike m'mimba?