Mwendo wa Okubay, Njinga ya Hiriti

Hiriti wa ku Adi Guadad anakwatiwa ndi mwamuna amene luso lake lalikulu linali kubuula. Dzina lake anali Okubay, wamtali, wa miyendo ngati ya kakowa. Ali mnyamata analowako mipikisano ya njinga mu Asmara, koma sanapambanepo ngakhale umodzi. Mukanamumva akulongosola pomwera mowa wa suwa, mukanayesa kuti mzinda wonse unkaima kumuombera m'manja. Tsiku lina ankati tcheni ndiye chinamugwiritsa mwala, tsiku lina ankati anzake anamutsekereza pakona chifukwa cha kaduka, koma kawirikawiri ankanamizira galu amene anadutsa kutsogolo kwake. Galu ameneyo ankakula chaka ndi chaka, mpaka anafika msinkhu wa mwana wa ng'ombe.

Banjali linkadya chifukwa cha manja a Hiriti. Kunja kusanayere ankakhala atakoleza kale moto pansi pa chiwaya chadothi, maso ali psuu ndi utsi wa bulugama, akuthira injera, buledi wopyapyala wa kumeneko, kuvindikira, kuyalula, kusanjika. Dengu likadzaza, ndiye Okubay ankadzuka, n'kulimanga pa kaliyala ndi malamba a chubu, ulendo wa ku nyumba yodyera ya Yihdego pafupi ndi msika wa Medeber. Imeneyi ndiyo inali ntchito yake yonse pansi pano. Komabe ankabwerako dzuwa litapendeka, natsika pa njinga ngati munthu wopulumuka ku nkhondo, dzanja lili m'chiuno, nkhope itakwinyika.

"Iwe uli pabwino, umangokhala pakhomo," ankatero akudziponya pa mpando. "Msewu uja umadya munthu. Ukanadziwa mmene chitunda cholowera m'tauni chimang'ambira chifuwa, bwenzi ukundigwadira."

Hiriti ankamupeputsa mwamuna wake pa zinthu zambiri. Denga linkadontha iye akuliyang'ana. Mbuzi inkalowa m'nyumba iye n'kuitana mkazi kuti adzaitulutse. Koma pa nkhani ya msewu yokha ankamukhulupirira, poti iye anali asanakhalepo pa chishalo. Ankamutenthetsera madzi a mapazi, kumusisita akatumba ndi mafuta a ng'ombe, ndipo nyama ikapezeka, nthuli yabwino inkapita kwa wovutika wa pamsewu. Njingayo inali yakuda, yolemera, yachimuna, ndipo inkagona m'chipinda pafupi ndi bedi. Hiriti sankaloledwa kuigwira, ngakhale kuisuntha posesa. Ankaitcha akazi aang'ono. Ana anabadwa, kukula, kumwazikana, zinthu zili chomwecho.

Okubay sanathyoke mwendo pamsewu woopsa uja ayi. Anathyokera pa ukwati wa mphwake, atakhuta suwa, atakwera pa benchi kuti aonetse anyamata mmene katswiri amapendekera pokhota. Benchi nalo linapendeka. Kuchipatala anamuika chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi, namuuza kuti agone miyezi.

Koma injera sidikira mwendo wa munthu. Masiku oyamba Hiriti ankasenza dengu kupita pokwerera basi. Basi inkabwera itadzaza kapena osabwera n'komwe, ndipo ikabwera anthu ankatsamira dengulo ngati pilo. Ankafika ku Medeber makasitomala atadya kale buledi n'kupita. Yihdego, munthu wosakonda phokoso, anangomuuza pansipansi kuti mu Asmara muli akazi ena odziwa kuthira injera.

Amene anamutsegula maso anali Gidey wa nyumba yoyandikana nayo, mkazi wa msinkhu wake yemwe anamenyako nkhondo kumapiri. Gidey ankameta tsitsi, kuvala buluku, ndipo ankapita ku ntchito pa njinga yake osafunsa munthu. Anamupeza Hiriti akutula dengu, khosi litauma.

"Mnzanga, m'nyumba mwako muli bulu wosadya udzu, iwe n'kumasenza pamutu? Ndinkayesa kuti chitsiru pakhomo pano n'chimodzi."

Okubay atamva, anakana kwamtuwagalu. Anati njinga si chipande, mkazi wa zaka zotere adzangodzichititsa manyazi, ndiponso njinga yake imadziwa mwini wake. Hiriti anamvetsera mpaka mapeto. Kenako anaitulutsa m'chipindamo pamaso pake, mwini wake akutukwana ali chagada ngati kamba wogudubuzidwa.

Poyamba ankangoikankha, dengu lili pa kaliyala, iye akuyenda pambali pake ngati akuperekeza mlendo. Madzulo Gidey ankapita naye pabwalo la kuseri kwa sukulu. Anamuveka buluku la mwana wake wamwamuna mkati mwa diresi, namanga diresilo m'chiuno. Gidey sankadziwa kunyengerera. Ankagwira chishalo akuthamanga pambuyo, akumunena kuti wauma ngati mtembo, kuti asiye kuyang'ana tayala chifukwa tayala lilibe uthenga wake, ayang'ane kumene akupita. Hiriti anagwa kangapo. Ulendo wina anakathera mu mpanda wa zomera zaminga za beles, ndipo Gidey anatha madzulo onse akumuzula minga kumbuyo, akuseka mpaka kutsokomola. Koma tsiku lina Hiriti anafunsa funso, osamva yankho. Atacheuka anaona Gidey ali kutali, manja ali m'thumba. Anagwa pomwepo, koma anagwa akudziwa kuti wapalasa yekha.

M'mawa umene anapalasa koyamba kupita m'tauni kunkazizira kwambiri. Nkhungu inali itagona m'minda ya balere, ndipo mitengo ya bulugama inkadontha mame. Anayamba ndi mantha, manja atauma pa mahandulo, pakamwa pakuyenda mayina a oyera mtima. Atadutsa nyumba zomaliza za mudzi, msewu unatsetsereka pang'ono, ndipo njinga inayamba kuyenda yokha. Anasiya kupalasa. Mphepo inalowa mu mpango wake woyera n'kuutukumula kumbuyo, inamuumitsa misozi imene utsi unamusiyira m'maso. Kumbuyo kwake injera inkafunda, fungo lake likumutsatira. Palibe amene ankamuitana dzina. Palibe mphika unkasefukira. Chiyambire usungwana wake, aka kanali koyamba kuti thupi lake liyende osanyamula kanthu pamutu kapena kumsana. Anadzimva akuseka yekha, mkazi wa zidzukulu, mano ali pamtunda ngati wamisala.

Anayembekezera chitunda chija chong'amba chifuwa. Anakwera kamtunda kena, mpweya unachepa pang'ono, thukuta linatsika mumsana, lokoma ngati la munthu wovina. Anapitiriza akuchiyembekezerabe chitundacho, mpaka anangoona kuti walowa m'tauni. Apo ndiye anazindikira kuti kamtunda kaja ndiko kanali chitunda chija. Anaima m'mbali mwa msewu, phazi limodzi pansi, nayang'ana kumbuyo. Anakumbukira nkhuni zonse zimene zinatha potenthetsa madzi a mapazi.

Yihdego ndiye anamaliza nkhaniyo mosadziwa. Polandira dengu injera ikadali yofunda, anafunsa za wodwala, nati amusowa munthu wansangala uja. Okubay ankafika akuimba mluzu, ankamwa khofi wake wamkaka, kenako n'kukwera njinga kulowera msewu wa ku Massawa, ati kukaona mitambo.

Hiriti sanabwerere kunyumba. Anamanga dengu lopanda kanthu nalowera komweko. Anapalasa mpaka pamene dziko limathera, ku Durfo, pomwe msewu umayamba kutsika mokhotakhota. Mitambo inali pansi pa mapazi ake, yoyera ngati thonje lopota, nsonga za mapiri zitatulukira pamwamba pake. Anyani ankakhala pamiyala akuothera dzuwa ngati akuluakulu a mpingo. Anabadwira pafupi pomwepa, anakalambira pomwepa, koma malo amenewa ankangowaona pawindo la basi, mwana ali pamiyendo akusanza. Anakhala pa mwala nthawi yaitali. Mtima wake unali wodzaza ndi zinthu ziwiri zosagwirizana, ndipo sanayese kuzilekanitsa.

Atafika kunyumba anapeza Okubay atakonzekera kale nkhope ya chisoni.

"Wauona msewu? Ndinkakuuza ine. Khala pansi, wafooka."

"Ndauona, bambo a Saba. Ndaonanso mitambo yanu."

Okubay anayang'ana kudenga.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikusisita ndi mafuta a ng'ombe munthu wochokera kosewera," anatero Hiriti, osakweza mawu. "Mukanaba nkhuku ndikanati ndi njala. Mukanakhala ndi mkazi wina ndikanati ndi amuna. Koma inu munali ndi chinthu chokoma chonchi, n'kumabwera nacho kuno mukubuula, kuopa kuti ndingapemphe kulawako."

Mwamunayo anayamba kulongosola za mphepo ya mwezi wa mvula, za malole, za mmene kale msewu unalili woipa. Hiriti anapita kukamwetsa mbuzi iye akadali pakati pa chiganizo. Usiku umenewo njinga inagonabe m'chipinda, koma mbali ya Hiriti.

Mudzi sunakhale chete. Akazi a kutchalitchi ankaphimba pakamwa ndi mipango akamadutsa, akunong'onezana kuti buluku la mkati lija n'chiyambi cha zambiri. Amuna okhala pakhonde la golosale ankamufunsa ngati chaka chino alowa mpikisano. Hiriti ankawayang'ana onsewo monga mmene munthu wokhuta amayang'anira anthu okangana pa fupa. Akazi aja ankatha theka la tsiku ali pokwerera basi, mapazi atatupa. Amuna aja matako awo anali atatenga kale maonekedwe a makreti amene ankakhalira. Ankangowaimbira belu n'kudutsa.

Okubay anaitanitsa wansembe, Keshi Berhe, kuti adzabweze mkazi wake pa njira. Wansembeyo anafika pa njinga yake, mkanjo atausonkhanitsa m'mawondo. Anamwa khofi, namvetsera madandaulo onse akugwedeza mutu. Potuluka anaima pafupi ndi njinga yakuda ija, natsina tayala lakumbuyo, n'kuuza Hiriti kuti likufunika mpweya ndipo asamadikire kuti liphwe. Kwa Okubay anati banja ndi kupirira. Anadalitsa nyumbayo n'kumapita.

Chikhakha chitachotsedwa, mwendo unatuluka wowonda, wofupikirapo, bondo losapindika. Okubay anadikira tsiku limene ankayesa kuti pakhomo palibe munthu, natulutsa njinga. Hiriti anali kuseri kwa khola ndipo anaona zonse. Mwamunayo anayesa kuponya mwendo pamwamba pa chishalo, mwendo unakana. Anayesa mbali inayo. Anakokera njinga pafupi ndi mwala, nakwera, nakhala, koma pedulo itakwera bondo silinaitsatire. Anakhala pamenepo atagwira mahandulo, akuyang'ana msewu. Hiriti anamva chisoni chenicheni, chimene chaka chapitacho sakanachimva, chifukwa tsopano ankadziwa chimene munthuyu wataya. Anabwerera kuseri mwakachetechete kuti asadziwe kuti waonedwa, ndipo madzulo amenewo anamuphikira nkhuku.

Chisonicho sichinafike Lamlungu. Gidey anabwera ndi nkhani yakuti pomwera suwa Okubay akuuza anthu kuti ndi iye anaphunzitsa mkazi wake kupalasa, ali chigonere pabedi, ndi mawu okha, poti katswiri safuna miyendo kuti aphunzitse.

Patapita nthawi Okubay anamuitana kuchipatala kuti akamuonenso bondo. M'mawa umenewo basi sinaoneke, ndipo Okubay anapempha kuti akwere pa kaliyala. Hiriti anamanga dengu kutsogolo, namukhazika kumbuyo chammbali, mwendo wouma uli tambalale ngati mtengo wa denga. Asanatuluke n'komwe m'mudzi malangizo anali atayamba. Apa upendeke. Apa usagwire buleki. Wakhala moipa pa chishalo. Akatswiri sapalasa ndi chidendene.

Hiriti anaima pamwamba pa mtsetse uja.

"Injera ndimainyamula tsiku lililonse ndipo sinandiphunzitsepo kanthu. Mukatsegulanso pakamwa, mutsika muyende."

Anatsetsereka ali chete. Kulemera kwa anthu awiri kunaithamangitsa njinga koposa masiku onse, mitengo ikudutsa ngati ikuthawa. Hiriti anatambasula zala kuti agwire buleki, koma anamva manja a mwamuna wake akumugwira m'chiuno, chipumi chake chitatsamira pamsana pake, akupuma mozama ngati munthu amene wamva fungo la kwawo. Anazibweza zalazo. Anaileka njinga ithamange mpaka pamene mtsetse unathera wokha.

Kuchipatala Hiriti anamukhazika pa benchi la odikira, napita kukafunsa za mzere. Pobwera anamupeza atasonkhanitsa kale anthu, akuwalongosolera kuti woyendetsa njinga weniweni ndi wakumbuyo, chifukwa ndiye amaiwongolera ndi thupi, ndipo mayi aja akanakhala okha akanathera m'ngalande. Nkhalamba ina ya bandeji m'diso inkavomereza ndi mutu.

Hiriti anamuikira ndodo yake pamiyendo, namuuza kuti Yihdego akudikira. Anakapereka injera, namwa khofi wamkaka atakhala pampando, osathamanga, kenako anakapopetsa matayala ku Medeber n'kulowera kumene ankafuna. Okubay anabwerera pa basi ya madzulo, ataimirira njira yonse.