Dzanja la a Lumo

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Lumo, poti chiyambire unyamata wawo ntchito yawo inali yometa anthu m'kachipinda kena kuseri kwa depoti ya basi. Munali mpando umodzi wong'ambika pokhalira, galasi lothimbirira m'mbali, ndi benchi ya odikira. Sankalankhula zambiri. Ankangogwira mutu wa munthu ndi zala ziwiri n'kuupendeketsa, ndipo ena ankagona tulo akumetedwa.

Matenda anayambira pa chala chachikulu chakumanja. Akakhala pabenchi kudikira makasitomala, chalacho chinkagwedera chokha pabondo, iwo n'kumachibisa m'thumba. Kenako dzanja lonse linayamba kunjenjemera, mkono n'kumalemera. Tsiku lina akukonza ndevu za wapolisi, lezala inaterereka n'kumucheka pansi pa khutu.

"Madala, mwalawa kale m'mawa uno?" anafunsa wapolisiyo atagwira thonje pabala.

A Lumo mowa sankaudziwa n'kukoma kwake komwe. Anatsuka lezala n'kutseka chitseko dzuwa lili pamutu.

Kuchipatala dokotala sanawabisire. Anati matendawo ndi a muubongo ndipo satha, mankhwala amangowachepetsa mphamvu. Anawatumiza kwa mayi wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, amene onse ankamutchula kuti mayi wa fizo. Mayiyo anawaika kampira kofewa m'manja.

"Finyani, bambo. Gwirani choncho. Tsopano masulani. Kunjenjemeraku ine sindingakuchotse, koma dzanja likangokhala limauma n'kufooka. Ndiye tizilipatsa ntchito."

Anawaonetsanso kutambasula zala zitakulungidwa ndi kachingwe ka mphira, kupotokola thaulo ngati akufinya madzi, ndi kukweza botolo la madzi kuchoka pabondo mpaka paphewa.

"Moyo wanga wonse ndagwira lezala," anadandaula a Lumo ali m'basi pobwerera, "lero andipatsa mpira ngati khanda."

"Muzingofinya, bambo," anatero akazi awo, maso ali pawindo.

Akazi awowo ankagwira ntchito yokolopa m'maofesi, ndipo ankanyamuka m'mamawa. Masiku oyamba ankayamba akhala nawo kaye pakhonde n'kumawawerengera. Koma ntchito yofinya mpira ilibe pothera. Ukameta munthu umaona mutu utayera, mwini wake n'kunyamuka; apa ayi. Lero botolo likwere bwino, mawa likhutukire pa thalauza. Akamaliza, mkono unkawawa mpaka m'khosi, dzanja n'kumanjenjemerabe ngati dzulo. Akazi awo anayamba kuwerenga akuyasamula, kenako akuvala nsapato, kenako anasiyiratu. M'nyengo yozizira kampira kanagubuduzikira kunsi kwa bedi, ndipo palibe anakatola.

Patapita milungu, m'mawa wina a Lumo analephera kumanga mabatani a shati. Batani linkangothawa pabowo, zala zitauma gwa. Akazi awo, atanyamula kale chikwama, anabwerera pakhomo n'kuyamba kuwamanga, kuchokera pamimba kukwera kukhosi. Atafika pa lomaliza anaima, atagwira kolala.

"Ine ndatopa, bambo. Sindikuti ndatopa nanu, ayi. Koma ndatopa."

Iwo atapita, a Lumo anagwada movutikira n'kukokolola kampira kaja ndi mtengo wa chokolopera. Kanatuluka ndi fumbi ndi ndodo ya mswachi wakale. Anakapukuta pa thalauza n'kuyambiranso, osati poti anali ndi chiyembekezo, koma poti sanafune kuvekedwanso shati ndi munthu wochedwa kuntchito.

Zinatenga nthawi. Mabatani anabwerera, ngakhale ankawamanga mochedwa. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, yosadzaza. Koma lezala sanaikhudzenso. Kachipinda kaja kanatengedwa ndi mayi wina woluka tsitsi, mpando n'kubwera kunyumba pa wilibala, n'kuikidwa pakhonde.

Loweruka lina kunabwera mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, woyendetsa lole, tsitsi lili nyankhalala. Asanapereke n'komwe moni anadziponya pampando paja.

"Alamu, ndimeteni."

"Mukufuna kubwerera kwanu ndi khutu limodzi?"

"Ndili nawo awiri. Ndipo kunyumba kuja zomwe ndimamva n'zolalata zokhazokha, limodzi likwana."

A Lumo anakana, mlamuyo osasuntha. Mapeto ake anatulutsa makina ometera, nawagwira ndi manja onse awiri, chigongono atachitsamiritsa pa mpando monga mayi wa fizo anawaphunzitsira pogwira chinthu cholemera. Ankameta pang'ono n'kupuma, kumeta n'kupuma. Thukuta linkatsikira m'maso. Mlamu uja, amene pakamwa pake sipatsekeka, tsiku limenelo anakhala duu ngati ali m'tchalitchi.

Atamaliza, kumbuyo kwa mutu kunali mizere, kwina kwakuya, kwina kosametedwa bwino. A Lumo anaiona ndipo mtima unawawa.

"Kumbuyoku ndawononga, alamu."

"Kumbuyo ine sindionako," anatero mlamuyo akudzisisita pankhongo. "Ovutika ndi okhala kumbuyo kwanga."

Anaseka yekha, nalowa m'nyumba kukapempha madzi osamba. A Lumo anakhala pampando umene mlendoyo anachokapo. Mkono wonse unali ukuphwanya, dzanja likugunda pa ntchafu kuposa masiku onse. Akazi awo anabwera ndi tsache n'kuyamba kusesa tsitsi mowazungulira.

"Kwezani mapazi. Ndiwauze aneba kuti mwayambiranso?"

"Ayi, mayi, chonde. Mmodzi yemweyu wandikwana."

Anakweza mapazi, tsache linadutsa. Pamene mlamu ankatuluka kubafa, a Lumo anali atagona kale pampando pomwepo, makina ali pamiyendo.