Amene Anatsala Kuseri kwa Agogo

Ndinagwira ntchito zaka zingapo m'kashopu kosindikiza zithunzi ku Mtendere, pafupi ndi msika. Tinkapanga makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi masikipa a makwaya. Ntchito yanga yambiri inali yodula munthu pachithunzi n'kufufuta zonse zomuzungulira. Ukafufuta, pakompyuta pamatsala timabokosi totuwa ndi toyera, kusonyeza kuti pamenepo palibe kanthu. Ndinkakhulupirira kuti palibedi kanthu.

Chaka chimene banja lathu linagwirizana zomanga chiliza cha agogo aamuna, bambo awo a amai, ntchito ya masikipa inagwera ine. Agogowo anachokera ku Malawi ali mnyamata, nagwira ntchito m'mafakitale mpaka kukalamba. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, koma chinaola ndi madzi osefukira kukomboni ya Kanyama kumene ankakhala. Mwayi wake msuweni wanga anali atachijambula kale, n'kudula agogo okhaokha pamene ankakonza pulogalamu ya maliro awo. Foni imene munali chithunzi chathunthu anamubera m'basi. Chimene ananditumizira ndi chodulacho: agogo atavala jekete, ataima pakati pa timabokosi tija.

Tsiku limenelo kompyuta yanga inali kwa okonza, ndiye ndinatsegula fayiloyo pa ina yakale imene inkangokhala pakona. Pulogalamu ya m'menemo sinkadziwa kubisa malo ofufutidwa. M'malo mwa timabokosi, kuseri kwa agogo kunatuluka khoma la nyumba, zenera lotchinga ndi lata, ndi gudumu la njinga. Ndinaganiza kuti ndatsegula fayilo ina. Ndinaitseka, n'kuitsegulanso, koma khomalo linali pompo.

Ndinafunsa mayi wina amene ankaphunzitsa za makompyuta pakoleji ina m'tauni, kasitomala wathu wa nthawi zonse. Anaseka pang'ono.

"Mapulogalamu ena safafaniza vinthu zoona," anatero. "Amangouza kadontho kalikonse kuti usaoneke. Mtundu wake ulipo, wangobisala. Ena ndiye amachotseratu posunga fayilo. Msuweni wanu anagwiritsa ntchito yosachotsa."

Anandionetsa pamene ndingadine kuti zobisika zonse zibwerere. Titatero, chithunzi chinadzaza mbali zonse. Kumanzere kwa agogo kunali kamtsikana kopanda nsapato, kovala diresi lalikulu kuposa msinkhu wake, katagwira chiwongolero cha njinga ndi manja onse awiri. Nkhope sindinaidziwe, koma makutu aja ndinawadziwa, chifukwa ndi anganso.

Loweruka ndinapita kukomboni ya George kumene amai amakhala, nditasindikiza chithunzicho papepala lalikulu. Ndinawapeza akuchapa. Anapukuta manja pachitenje, nagwira chithunzicho m'mphepete mwenimweni.

"Wachitenga kuti? Si chija chinaola?"

"Chinali mkati mwa chodula chija, amai. Uyu ni ndani?"

Anachiyandikiza kumaso, akuyang'anitsitsa.

"Ndine," anatero. "Diresi ili linali la akulu anga. Wojambula atabwera anandithamangitsa kuti ndine wakuda ndi fumbi, koma ndinakakamira njinga. Atate anati musiyeni."

Sanalire. Anayamba kundifunsa mafunso ngati mwana wasukulu. Ngati ndinabisala zaka zonsezi, ndinabisala kuti? Kodi ukazimitsa kompyuta ndimakhalabe momwemo? Nanga kuseri kwa khomalo ungaoneko, poti kunali mtengo wa mapeyala? Ndinawauza kuti chimene wojambula sanajambule sichingatuluke. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti yankholo silinawakwanire.

Pamasikipa tinaika chithunzi chathunthu. Azakhali ena anadandaula kuti chiliza ndi cha agogo, osati cha amai, koma anavalabe.

Zitatha izi ndinayamba kutsegula mafayilo akale a makasitomala, imodzi ndi imodzi. Ambiri anali oyera, zofufutidwa zinapitadi. Koma ena anali ndi zotsala: ndowa, agalu, zovala zoyanika, theka la nkhope ya munthu wodutsa. Mufayilo ina ndinapeza mwamuna wathunthu atavala suti. Ndinakumbukira mwini chithunzicho, mayi wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, amene anandiuza kuti ndimuchotsere mwamunayo ukwati wawo utatha. Fayilo ndinali nditamupatsa, ndipo ankaitumiza kwa anthu.

Ndinapita pa tebulo lake kumsika kukamuuza, ndili ndi manyazi. Anamvetsera akupinda mabulauzi.

"Ndiye mukuti bakali mwamene muja?"

"Bakalimo, anti. Koma ningabachotseretu lero lomwe."

Anaganiza pang'ono, bulauzi ili m'manja.

"Bana banga balibe chithunzi china cha batate bao," anatero. "Munipangire viwiri. Chimodzi muchotseretu, ndiye chotumiza kwa banthu. Chinacho musiye mwamene chilili, munilembere papepala podina."

Ndinamulembera kuseri kwa katoni ya sopo, iye n'kung'amba kachidutswako, kuika m'chikwama, n'kutembenukira kwa kasitomala amene ankafunsa mtengo wa siketi.